Juzi ya msodzi wa ku Kachulu

Anthu ambiri amene sanagonepo kunyanja ya Chilwa amaganiza kuti kumeneko n'kotentha chaka chonse. Amaona fumbi la mumsewu wochokera m'tauni ya Zomba, akadutsa phiri la Mpyupyu n'kufika padoko la Kachulu dzuwa likuswa mtengo, basi n'kugamula kuti msodzi safuna chofunda. Afunseni amene amagona m'zimbowera mwezi wa Juni ndi Julaye. Chimbowera ndi kanyumba komangidwa pamwamba pa njedza, pansi pake madzi okhaokha, ndipo chiperoni chikabwera mphepo imapyoza makoma audzuwo ngati palibe kanthu. Achimwene anga akhala akugona m'menemo kuyambira ndili kamtsikana. Ine ndili kuno ku Scotland, m'tauni ya Kirkcaldy, kumene ndimagwira ntchito yosamalira okalamba, ndipo chaka chino ndikuwalukira juzi.

Chimene chinandigwiritsa singano ndi nyengo. Kuno kuli nyengo imene eni ake amaitcha autumn, yoyambira mu Sepitembala mpaka mu Novembala. Kwathu tilibe dzina lake lenileni. Ena amati ndi masika poti alimi amakhala atakolola balere ndi tirigu, koma masika athu amabwera ndi dzuwa ndi kukhuta, pamene awa amabwera ndi mdima. Tsiku limafupika ukuona. Lamulungu lomaliza la Okutobala amabweza mawotchi ndi ola limodzi, ndipo pakati pa Novembala dzuwa limalowa cha m'ma 4 koloko masana. Masamba amasanduka achikasu, ena ofiira, ena ngati dzimbiri, kenaka n'kuyoyoka. Kwathu mombo wa m'mapiri a Zomba umafiira pophuka, mvula ili pafupi. Kuno tsamba limafiira likamafa.

Anzanga a kuno amatamanda mitengo yofiirayo, amaijambula ndi foni. Ine chimene chimandiimitsa ndi za pansi. Basi yanga imadutsa m'mphepete mwa nyanja, ndipo mu Okutobala mbali ina umaona ziputu za balere m'minda, m'madambo muli bango louma, mbali ina madzi otuwa ngati phulusa. Umenewo ndi mtundu wa gombe la kwathu m'mwezi wa Ogasiti: njedza itayamba kuuma, mapesi a mpunga ali mbwee ku sikimu ya Likangala, ndi nyanja yathu imene siinakhalepo yobiriwira ngati ya pa makalendala a ku Mangochi. Madzi a Chilwa ndi amatope, amchere pang'ono, chifukwa nyanjayi ilibe mtsinje wotulukira. Domasi, Likangala, Thondwe ndi Phalombe imathira, wotunga wamkulu ndi dzuwa. Ngakhale mbalame zimathandiza kundisokoneza. Anamzeze amachoka kuno mu Sepitembala kulowera kum'mwera kwa Africa, ndipo m'malo mwawo mumabwera atsekwe ochokera ku Iceland, akulira mumlengalenga m'mamawa. Ukatseka maso umayembekezera kumva wina akukuwa kuti bwato la ku Chisi likunyamuka.

Agogo amene ndimawasamalira amamudziwa David Livingstone, amadziwa kuti Blantyre wathu anatenga dzina la mudzi umene iye anabadwira kuno. Koma ndikawauza kuti munthu wawoyo anafika panyanja yathu mu Epulo 1859 n'kuilemba kuti Shirwa, asanaione n'komwe nyanja ya Malawi, amangogwedeza mutu mwaulemu. Sindiwadandaula. Ndi Amalawi angati a ku Lilongwe amene amadya matemba a ku Chilwa koma sangaloze pamapu pamene pali Kachulu?

Mmodzi mwa agogowa, mayi wa zaka zopitirira 90 amene makolo ake anali asodzi, ndi amene anandiuza kuti ndikaone nyumba yosungiramo mbiri ya usodzi ku Anstruther, yotchedwa Scottish Fisheries Museum. Ndinapita Loweruka lina mvula ikuwaza. Muli mabwato, maukonde ndi migolo, koma ine ndinakanirira pa majuzi a asodzi akale amene amawatcha gansey. Ndi juzi yaubweya wankhosa, yakuda mobiriwira, yolukidwa mothina kwambiri kuti mphepo isalowe. Amailuka mozungulira, yopanda msoko. Kukhwapa amaikako kachigamba kuti munthu akamakoka ukonde isang'ambike. Mikono amailuka kuchokera paphewa kutsikira kudzanja, n'cholinga choti kumapeto kukaperepeseka mayi angomasula pang'ono n'kulukanso. Nzeru zimenezi zinandikumbutsa m'mene achimwene amasokera ukonde: sutaya wonse chifukwa cha maso khumi oduka.

Pachifuwa pa majuziwo pali maluko a zinthu za ntchito yawo: maso a ukonde, zingwe zopota, makwerero, minga ya nsomba. Olukawo anali akazi a m'midzi ya asodzi. Ambiri a iwo ankatsatira mabwato a nsomba yotchedwa herring, kuyambira ku Shetland mpaka kukafika ku Great Yarmouth m'nyengo ngati ino, akutumbula nsomba, kuthira mchere ndi kulonga m'migolo. Mabwato akachedwa ankaluka ali chiimire padoko. Pazithunzi zawo ndinaona amayi a pa Kachulu, aja amakhala pafupi ndi mathandala kudikira matemba, mwana kumsana, maso kunyanja. Nawonso a kuno inawathera nsomba: mu 1977 usodzi wa herring unatsekedwa m'nyanja ya North Sea chifukwa inali itatsala pang'ono kutha.

Za kutha kwa nsomba ife sitichita kuuzidwa. Chilwa inaphwa mu 1968, makolo amasimba. Inaphwanso mu 1995, ndipo imeneyo ndinaiona ndi maso anga. Anthu ankapita ku Chisi wapansi ndi panjinga. Pamene panali madzi panatsala dothi lakuda long'ambika zigawozigawo ngati msana wa kamba, ming'alu yoti phazi la mwana n'kulowa. Mabwato anagona chammbali. Amuna anabalalika, ena ku Malombe, ena ku Mangochi, ena anangosanduka ootcha makala. Mu 2018 zinabwereranso, gawo lalikulu la nyanja linauma. Koma madzi saiwala khwawa. Mvula ya namondwe Idai mu Malichi 2019 inabweza nyanja, ndipo pambuyo pa namondwe Freddy mu 2023 madzi anakwera mpaka kulowa m'malo amene anthu anali atamanga. Munthu wa ku gombe lino amakhala ndi nyanja ziwiri m'mutu, yodzadza ndi youma, ndipo sadziwa kuti chaka chamawa adzadzuka ndi iti.

N'chifukwa chake juzi ya achimwene ndinaiyamba ndi dothi. M'munsi mwake, kuzungulira chiuno, ndaika ulusi wotuwa moderako, wolukidwa timabwalo tosalingana ngati ming'alu ya 1995. Mnzanga wa kuntchito, wochokera ku Zimbabwe, anati bwanji ndikumuveka munthu chilala. Ndinamuyankha kuti pansi pa madzi a Chilwa pali dothi limenelo ngakhale nyanja itadzadza, ndipo mlamba umalidziwa bwino kuposa ife. Pamwamba pa dothilo pakubwera mizere yoimirira ya mtundu wa njedza youma, ulusi umene ndinausankha nditanyamula tsamba la bango m'thumba kupita nalo kusitolo. Pachifuwa ndatengera akazi a ku Anstruther, ndaika maso a ukonde, koma pakati pa diso lililonse pali kadontho koyera mongotuwa, ndiwo matemba akamauma padzuwa. M'mapewa ndimafuna mtundu wa phiri la Chisi m'mene limaonekera madzulo kuli utsi wa lupsa, si wobiriwira, si wotuwa. Ndinayenda masitolo atatu. Umene ndinapeza ukuyandikira, koma wa Chisi weniweniwo sagulitsa.

Mkombero wa khosi ndi wa m'manja ndautengera pa mono. Amalume ankaluka miono ya nsungwi pakhonde, kamzere kamodzi pamwamba, kena pansi, kukamwa kwake kopanikiza kuti nsomba ikalowa isatuluke. Chichewa chathu chinaona kale kuti ntchito zimenezi ndi imodzi: timaluka mono, timaluka mphasa, timaluka dengu, timaluka tsitsi, timalukanso juzi. Azungu ali ndi mawu angapo osiyana pa ntchito zimenezi. Ndiye pamene anthu amati zolukaluka zinabwera ndi amishoni, ndimavomera theka. Singano ndi ulusi zinabweradi nawo, ndipo amayi a Mvano ndi magulu ena a m'mipingo anazifalitsa m'midzi. Koma manja anali odziwa kale kuwerenga mizere.

Ine ndinaphunzira kwa mayi anga aang'ono, ndi masipoko a njinga onoledwa pamwala. Ulusi tinkaupeza pomasula juzi yakutha, n'kuukulunga pachitsononkho. Unkakhala wopotanapotana ngati tsitsi lomasula kumene, ndipo chipewa chimodzi chinkatuluka ndi mitundu inayi, osati mwa luso koma mwa kusowa. Mwana aliyense wobadwa m'mudzi mwathu ankatuluka chikuta ndi chipewa, masokosi ndi kajuzi zolukidwa ndi munthu amene amamudziwa. Lero atsikana ambiri a kwathu sagwira singano, ndipo sindingawanene. Juzi ya pa kaunjika ndi yotsika mtengo kuposa ulusi woti ulukire ina, osawerengera masabata amene ungathere pamenepo.

Komabe kaunjikayo ndimamuyang'ana ndi diso lina tsopano. Msodzi wa pa Chilwa amavala juzi yolembedwa dzina la timu ya mpira ya ku Germany kapena sukulu ya ku Canada, yambiri ya ulusi wapulasitiki umene ukanyowa umazizira ngati chitsulo. Ubweya wankhosa umasunga kutentha ngakhale utanyowa, n'chifukwa chake asodzi a kuno ankaudalira. Mabungwe amene amabwera ku gombe lathu ndi mapulojekiti a zanyengo amasiya matisheti olembedwa mauthenga abwino. Tisheti siifunditsa munthu amene akuvuula ukonde 3 koloko m'bandakucha mu Julaye. Sindikunena kuti amayi a ku Kachulu ayambe bizinesi ya majuzi aubweya. Nkhosa za ubweya kwathu n'zosowa, ndipo ndalama ya matemba ili ndi ntchito zambiri. Ndikungodabwa kuti gombe lokhala ndi maluko ochuluka chonchi, m'miono, m'maukonde ndi m'mphasa, silinawaikepo pa chovala cha anthu ake.

Ndimaluka usiku ndikaweruka, ndi m'basi ngati mpando wapezeka. Agogo aja amandiyendera ntchito ngati kapitawo. Maso awo ndi ofooka, choncho amaipapasa ndi zala, ndipo akapeza pamene ndalekerera ulusi amandibwezera osanena kanthu. Tsiku lina anandifunsa kuti timadontho toyerato ndi chiyani. Nditawauza kuti ndi nsomba zazing'ono ngati chala, zimene timadya ndi mitu yomwe, anaseka mpaka kutsokomola, n'kunena kuti bambo awo akanazibwezera m'madzi.

Sabata yatha ndinatumiza chithunzi pa WhatsApp kudzera pa foni ya mwana wa achimwene. Yankho linabwera la mawu, kumbuyo kukumveka mphepo ndi anthu akutsatsana mtengo wa makumba. Za dothi, njedza ndi phiri la Chisi sananenepo kanthu. Anati: "Achemwali, yaoneka bwino, koma mikonoyo isafike m'manja, izinyowa pokoka. Ndipo muikeko thumba lamkati la foni."

Mkono umodzi ndaufupikitsa kale, wina ndi umene uli pasingano. Thumbalo likundivuta chifukwa majuzi a ku Anstruther alibe, ndiye ndikuchita kuliganizira ndekha. Positi kuno ndi yodula, choncho juziyi idzanyamulidwa ndi mayi wina wa ku Domasi amene akupita kumudzi pa Khirisimasi. Idzafika mvula ili pakati, kukutentha, ndipo alamu anga adzaisunga m'sutikesi mpaka Juni.