WiFi ya kuseri kwa nyumba, kuno ku Joni ndi kumudzi

Ambirife kuno ku Johannesburg timagona kuseri kwa nyumba za eni, m'tizipinda tija amati cottage. Fayiba imathera m'nyumba yaikulu, rauta ili pabalaza pa landilodi, inu muli uko kulimbana ndi kamzere kamodzi ka WiFi. Mukati muyimbe video call kumudzi, nkhope ya amayi imangouma pa sikirini.

Ambiri amathamangira kugula extender. Ine sindiikonda. Iyo imangobwereza zomwe yalandira, ndiye mukaiika m'chipinda momwe netiweki ndi yofooka kale, ibwereza zofookazo, ndipo zotchipa zija zimadula liwiro pafupifupi ndi theka. Poyamba yesani kulumikiza foni ku 2.4 GHz osati 5 GHz, chifukwa ya 2.4 imapita patali komanso imadutsako makoma a njerwa. Zikakanika, kambiranani ndi landilodi mukoke waya wa Cat6 kuchokera pa rauta mpaka kwanu. Waya umenewu umagwira bwino mpaka mamita 100. Mugule wopirira dzuwa ndi mvula, kapena muulowetse m'paipi n'kukwirira, kumapeto kwake muikeko access point, ngakhale rauta yakale imatha ntchitoyi. Musaiwale ziphaliwali za kuno: kukayamba kugunda, zulani wayawo, apo ayi mudzalipira rauta ya eni.

Landilodi savuta kwenikweni pa nkhaniyi, poti fayiba yambiri kuno ndi uncapped. Kaya muonera mpira usiku wonse, bilu yake ndi yomweyo.

Kumudzi nkhani imayambira pena. Boys' quarters ku Area 25 kapena ku Chilomoni vuto lake looneka ndi lomweli, koma m'makomo ambiri intaneti imabwera ndi SIM ya Airtel kapena TNM, mu MiFi kapena karauta ka 4G. Ndiye musanagule waya, fufuzani kaye komwe kufookako kukuchokera. Mwina si mtunda wa pakati pa nyumba ziwirizo ayi, koma rautayo payokha ikulandira movutikira kuchokera ku tawala. Malata ndi mabagala a m'mawindo amatchinga netiweki. Ichotseni rautayo kuseri kwa TV, muiike pamwamba pafupi ndi windo loyang'ana komwe kuli tawala, muone kusintha kwake. Kukoka waya kuchokera pa rauta yomwe ikupuma movutika n'kutaya ndalama chabe.

Komanso tinene zoona, kwathu pasiwedi simangoperekedwa. Bandulo imatha, ndipo mphwanu wa ku boys' quarters akapeza mizere yonse ya WiFi, TikTok idzaimaliza mwezi usanafike pakati. N'chifukwa chake mabanja ena amangomugulira MiFi yakeyake, yomwe ilinso ndi batire, magetsi akathima imapitiriza kugwira.

Okhawo amene anaika Starlink, yomwe inafika ku Malawi mu 2023, ndi amene ndingawauze kuti achite za kuno: waya, access point, ndi batire kapena sola yoyendetsera zonsezo magetsi akapita.