Loweruka m'mawa: wagona ndani, wadzuka ndani?

Ana anga, lero tisiye kaye nkhani za matenda akuluakulu. Tingocheza za tsiku lopuma: kudzuka mochedwa, kumwa tiyi mosathamanga, ndi njinga ya kapalasa ija yatsamira pakhoma pafupifupi nyumba iliyonse kuno ku Chigwa cha Shire. Nkhaniyi ikumveka yopepuka, koma pa zaka zonse zimene ndidagwira ntchito ya unamwino ndidaona mabanja ambiri akudwala ndi kukangana kaamba ka chinthu chimene palibe amachitchula, ndicho kutopa.

Tonse tidakula tikumva kuti pakadafunda padajiwitsa galu. Kwathu kuno mwambi umenewu ndi woona kwambiri. Wokhala ku Nchalo, ku Ngabu, ku Bangula kapena pa boma la Nsanje akudziwa kuti mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapyola madigiri 40. Ntchito yeniyeni imagwirika mbandakucha, ndipo ikamati 9 koloko mpini wa khasu wayamba kale kuotcha m'manja. Amene wagonereza wataya tsiku. Izi sindikutsutsa ayi. Funso langa n'lakuti, kodi masiku onse asanu ndi awiri a pasabata akhale otero, chaka chonse?

Ndikuuzeni zimene tinkaona kuchipatala. Mayi wachitsikana amabwera akudandaula kuti mutu ukuwawa, thupi lonse likuphwanya. Timuyeza malungo, mulibe. Magazi, okwanira. Kenaka ndimufunsa, "Amayi, mumagona nthawi yanji, nanga mumadzuka nthawi yanji?" Yankho limakhala lakuti amagona cha m'ma 10 koloko atatsuka mbale, usiku amadzuka kawiri kuyamwitsa, 4 koloko ali kale kumjigo. Ameneyo mungam'patse panado wochuluka bwanji, mawa abweranso. Munthu wamkulu amafunika kugona maola 7 kapena kuposerapo. Akamapereweza tulo miyezi ndi miyezi, thupi limafooka, BP imapeza pokwerera, ndipo mtima umafupika. Mwana akangotaya ndiwo pang'ono, wakwapulidwa. Bambo akangofunsa mchere, yabuka nkhondo. Komatu musandimve molakwa. Thupi likatentha pitani mukayezetse malungo tsiku lomwelo, osati kungoti ndi kutopa.

Tsono vuto lili apa. M'nyumba zambiri kugonereza kulipo ndithu, koma n'kwa munthu mmodzi. Loweruka m'mawa bambo ali m'neti, wailesi ili pakhutu. Mayi wasesa, watunga madzi, waphika phala la ana, watereka madzi osamba a bambo omwewo, tsopano wakhala pabeseni la zochapa za sabata yonse. Dzuwa likamapendeka bambo avala malaya ochapidwa aja, ulendo kukaonera mpira wa ku England. Akabwera usiku adabwa kuti mayi sakuseka. Aseka bwanji munthu amene sadakhale pansi chidzukireni?

Inu ana anga aamuna, mvetserani. Kaya mudalowola monga amachitira Asena, kaya muli pachikamwini monga mwa Amang'anja, mudatenga mnzanu, osati wantchito. Ng'ombe za malowolo sizidagule msana wa munthu. Yesani kusinthana. Sabata ino mayi agone mpaka dzuwa lituluke, inu musonkhe moto, muwamwetse ana phala. Sabata yamawa mugone ndinu. Madzi tungani Lachisanu madzulo. Mayi pamutu amasenza chigubu chimodzi cha malita 20, pamene njinga yanu imanyamula ziwiri kapena kuposa ulendo umodzi. Ndikudziwa chimene mukuopa, n'chakuti anzanu pabawo azikusekani kuti adakudyetsani khuzumule. Asekeni nawo. Tsiku limene mayi adzagonekedwe m'chipatala, osekawo sadzabwera kudzakuphikirani.

Nanunso ana anga aakazi, bambo akadzuka kukasonkha moto, musawatsatire kukhitchini n'kumati phala lachita mibulu. Lichite mibulu, ana adya. Ambiri a inu mumadziimba mlandu mukagona dzuwa litatuluka, poopa kuti apongozi kapena anansi anena kuti ndinu aulesi. Mawa limodzi pasabata si ulesi. Ndipo tsikulo sankhani nokha. Opemphera Loweruka atenge Lamulungu. Ogwira ntchito ya mashifiti kuminda ya nzimbe ku Nchalo atenge tsiku limene ali pa ofu. Maliro akagwa kapena mvula yobzalira ikabwera, n'zomveka, mudzabweza sabata inayo.

Wina anena kuti kupuma n'kwa a masofa ndi mafani. Ayi ndithu. Mabanja ambiri kuno adamanganso nyumba madzi osefukira a 2015 atapita, ena namondwe wa Ana atawononga mu 2022, enanso pambuyo pa Freddy mu 2023. Anthu otere akudziwa kuti katundu amapita ndi madzi. Chimene chimapangitsa pakhomo kukoma si chodula. Mtengo wa nimu pabwalo, umene ukabzalidwa lero pakapita zaka zochepa mukhala pamthunzi. Mkeka woyera. Mtsuko wa madzi wovundikira bwino pakona pozizira. Thobwa la mapira, kapena phala lothira malambe. Ndipo poti nyengo yotentha ambiri timagona panja, neti itsatire komweko. Khomani mitengo pabwalo muimangirire. Udzudzu wa m'mbali mwa Shire ndi wa ku Dambo la Njovu sudziwa kuti lero mukupuma.

Pakhomo pakakoma, pakhalenso chochita chimene sichibweretsa ndalama koma chimatsitsa mtima pansi. Wina amakonda kuweta nkhunda, wina kuluka mikeka ya mlaza, wina kwaya, wina kusoka. Bawo musamangosewera kumsika, kumbani maenje pabwalo muphunzitse ana ndi amayi awo. Agogo akadalipo, atumeni ana akamve nthano, akaone m'mene ulimba umaimbidwira. Chimene ndikukana n'chakuti banja likhale pamkeka umodzi aliyense maso ali pafoni, kapena kuti ndalama ya ndiwo ithere kubetcha mpira ati n'kusangalala. Chosangalatsa chimene chimakusiyani ndi ngongole Lolemba chakuberani, sichidakupumitseni.

Tsopano tibwere ku njinga. Kuno njinga ndi bulu wathu. Imanyamula thonje ndi chitowe kupita kumsika, imanyamula mbuzi, imanyamula wodwala ndi mayi woyembekezera kupita kuchipatala. Anyamata a kabaza amadyetsa mabanja ndi njinga. Ena amaikankha itadzaza katundu kuchokera pa Thabwa kukwera zitunda zija mpaka ku Blantyre. Kwa anthu amenewa langizo langa n'losavuta: tsiku limodzi njinga itsamire, mawondo ndi msana zipume.

Koma pali gulu lina limene likukula. Aphunzitsi, a m'maofesi, a m'magolosale, amene masiku ano ngakhale ulendo wa pamsika pomwepa amaitana njinga yamoto. Tsiku lonse pampando, madzulo pampando, kamimba kakutuluka. Amenewa ndiwo tinkawapeza BP ili pa 140/90 kapena kuposa, iwo osamva kalikonse m'thupi. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu azilimbitsa thupi mphindi zosachepera 150 pasabata, ndipo ana mphindi 60 tsiku lililonse. Sipofunika malo olipira. Chigwa chathu n'chathyathyathya, sichili ngati ku Thyolo kumene wopalasa amatsika n'kumakankha. Mphindi 30 masiku asanu, mwakwanitsa.

Ndiye m'mawa wina, pa tsiku limene si logonereza, kapena madzulo dzuwa litafooka, tulukani awiri. Osati kumaliro, osati kuchigayo, kungoyenda basi. Ngati njinga ili imodzi, bwerekani ina kwa achimwene, kapena sinthanani kupalasa. Muona kuti nkhani zimene zimakanika m'nyumba, za fizi, za kulera, za m'bale amene wakhalitsa pakhomo, panjira zimatuluka mosavuta chifukwa palibe akumvetsera kuseri kwa chitseko. Ndipo ana aakazi aphunzitseni kupalasa monga anyamata. Zoti njinga imawononga mtsikana kapena kumulepheretsa kudzabereka n'zabodza. Mtsikana wodziwa njinga amafika msanga kusukulu, ndipo tsiku lina ndiye adzakuthamangitsireni kuchipatala.

Unamwino sutha, choncho ndilole ndichenjeze. Mabala amene ndidamanga kawirikawiri kwa ana ndi a chidendene cholowa m'masipoko. Bala lake limaoneka laling'ono koma limachedwa kupola. Mwana akakwera pakeliyala avale nsapato, mapazi akhale ndi popondera, ndipo wamng'ono amene angasinze musamukhazike yekha kumbuyo. Amayi, chitenje chikwinyeni bwino chisakodwe mu tcheni. Onani mabuleki musananyamuke, tengani pompa ndi zomatira poti minga kuno njosasowa, ndipo botolo la madzi lisatsale. Pamsewu wa M1 yendani kumanzere, mmodzi kutsogolo wina kumbuyo, chifukwa mathiraki a shuga ndi maminibasi sadikira. Mdima usakupezeni panjira mulibe nyali. Mukafika m'mbali mwa Shire, onerani madzi muli patali. Ng'ona zilipo, ndipo m'madzi odikha muli likodzo. Amene ali ndi vuto la mtima, kapena mayi woyembekezera, ayambe wafunsa kuchipatala.

Mukasunga kangachepe, tsiku lina apititseni ana ku Lengwe akaone boo, nyama ija ena amati nyala, kapena ku Majete kumene chiyambire 2003 adabwezeretsako zipembere, njovu ndi mikango. Alendo amachoka kutsidya la nyanja kudzaona zimenezi, pamene mwana wobadwira ku Chikwawa konkuno amangoziona m'buku la kusukulu. Mtengo wolowera wa Amalawi ndi wotsika kusiyana ndi wa alendo. Fufuzani kaye musananyamuke, kapena funsani aphunzitsi ngati sukulu ingakonze ulendo.

Paja amati m'mera mpoyamba. Mwana wamwamuna amene waona bambo ake akuphika phala mayi ali mtulo sadzachita manyazi kutero m'nyumba mwake. Mwana wamkazi amene waona mayi ake akupuma popanda kupepesa adzadziwa kuti thupi lake nalo n'lofunika. Choncho usiku uno, ana akagona, khalani pansi awiri mugwirizane: sabata ino agonereza ndani, sabata yamawa ndani. Popani matayala a njinga ija. Ndipo mukadutsa pachipatala chapafupi, lowani akuyezeni BP nonse awiri, sizitenga nthawi.

Tikumane Lamulungu likudzali, ana anga. Mupume bwino, nonse awiri.