Kakowa sanalakwe

Tili ana ku Mphunzi, tikaona akakowa akuuluka kuchokera kudambo madzulo, tinkawakupizira zala kuti atigawireko kuyera kwawo. M'mawa wina akapeza kadontho koyera pachikhadabo, eee, chimwemwe chake! Koma palibe ankaposa amalume. Zikhadabo zawo zonse khumi zinali mbee, ngati njereza ya zithunzi za makolo zili m'mapanga a phiri lathu lija, zomwe UNESCO inazilemba m'kaundula wake mu 2006 pamodzi ndi za ku Chongoni.

"Kakowa anakukonderani, amalume," ndinkatero. Iwo ankangomwetulira. Ndinadziwa mochedwa kuti sankandimva.

Kumudzi ankawanena kuti ndi amwano. Sukulu anasiyira Sitandade 3 atatopa ndi chikwapu, poti mphunzitsi akaitana sankatembenuka. Pamfundo za zala zawo panali khungu lolimba, anthu n'kumati ndi khasu. Agogo, mayi wawo, analinso chimodzimodzi, koma tinkati ndi ukalamba.

Chaka chatha msuweni wanga, mwana wa amalumewo, anabwera kwathu ku Lilongwe ndi kamwana ka miyezi isanu ndi itatu. Nditagwira kadzanja kake mtima unagunda: zikhadabo mbee, ngati za mayi ake, ngati za agogo ake. Mbale inagwa kukhitchini, mwana osadzidzimuka.

Dokotala amene tinamuona anatimasulira bwino. Timadontho tija ta kakowa si matenda, ndiponso si kuperewera kwa mkaka monga ena amanenera. Timabwera chala chikagundidwa pamene chikhadabo chimamerera, ndipo timatha tokha, poti chikhadabo chimakula mamilimita atatu pamwezi. Zikhadabo zikayamba kuyera munthu atakula, nthawi zina vuto limakhala chiwindi kapena impso. Koma zoyera chibadwire, mibadwo yotsatizana, n'zakumtundu. Mabanja ena zimathera pomwepo, alibe vuto lina. Ena zimabwera pamodzi ndi kusamva ndi khungu lolimba pamfundo za zala, zomwe madokotala awiri, Bart ndi Pumphrey, anazifotokoza mu 1967. Kholo limodzi likakhala nazo, mimba iliyonse ili ngati kuponya ndalama m'mwamba: mwana atengera kapena ayi.

Atamuyeza makutu anapeza kuti mwanayo amamva pang'ono chabe. Lero ali ndi timakina tothandiza kumva, ndipo mayi ake akuphunzira chinenero chamanja.

Nditapita kumudzi ndinawapeza amalume akusenda mbatata pakhonde. Ndinakhala patsogolo pawo kuti aone milomo yanga, n'kuwafotokozera zonse pang'onopang'ono. Anayang'ana zala zawo nthawi yaitali.

"Ndiye kuti sunali mwano?" anafunsa.

"Ayi, amalume. Sunali mwano."

Zaka 60 chizindikiro chili poyera, pamanja omwe tinkapatsana nawo moni tsiku ndi tsiku, ife n'kumatamanda mbalame. Abale, ngati kwanu kuli mwana wobadwa ndi zikhadabo zoyera zonse, musadikire kuti mphunzitsi ayambe kumukwapula. Kamuyezetseni makutu akadali kumsana.