Ku Malambo Sitifunsana Mpingo pa Maliro

Mwezi wa Okutobala ukafika kuno ku England, dzuwa limalowa anthu asanaweruke bwinobwino, ndipo chisanu chimafika m'mafupa. Nthawi yomweyo kwathu ku Malambo, m'boma la Mambwe, nthaka imakhala ikuwotcha mapazi, mitengo ya tsanya itayoyola masamba, nyenje zikulira usana wonse, Luangwa ataphwa mpaka mvuu kumapanikizana m'maiwe otsala. Ndimagwira ntchito yosamalira okalamba m'tauni ina ya ku Somerset, ndipo mwezi umenewu ndi umene ndimapukwa kumudzi koposa ina yonse. Ndi mwezinso umene ife a ku Zambia okhala dera lino timasonkhana, Loweruka loyandikira 24 Okutobala, kukumbukira ufulu wa dziko lathu. Timaphika nsima, kapenta ndi ndiwo zotendera, ana amathamangathamanga, ndipo mbale zisanatsukidwe mkangano wa chaka ndi chaka umabuka.

Ulendo uno anauyamba ndi abusa ena a mpingo wa Pentekoste ochokera ku Kitwe. Anati: "Abale, taonani Congo, taonani Angola ndi Mozambique, konseko magazi anakhetsedwa. Ife Mulungu watisunga chifukwa dziko tinalipereka m'manja mwake." Mayi wina wa ku Mongu, namwino, anawayankha mwaulemu koma mosabisa mawu: "Abusa, mtendere tinali nawo kuyambira 1964. Chimene chinawonjezeka mu 1991 n'chakuti andale anapeza njira yolowera pa guwa." Onse awiri ndi anthu opemphera, onse awiri amatumiza ndalama kumudzi mwezi ndi mwezi, ndipo palibe amene ankanyoza mnzake.

Nkhani imene amakanganira ndi yodziwika. Pa 29 Disembala 1991, patangopita miyezi iwiri chipambanireni chisankho, a Frederick Chiluba anaima ku State House n'kulengeza kuti Zambia ndi dziko lachikhristu. Mabishopu a Katolika ndi bungwe la Christian Council of Zambia anadandaula kuti sanafunsidwe. Mu 1996 mawuwo analowa m'chiyambi cha malamulo oyendetsera dziko. A Edgar Lungu anawonjezera tsiku la 18 Okutobala lopemphera ndi kusala kudya mu 2015, chaka chotsatira n'kukhazikitsa unduna woona za chipembedzo, umene a Hakainde Hichilema anauthetsa mu 2021, ngakhale tsiku lopempheralo linatsala.

Ine ndikamva zonsezi mtima umathamangira ku Msoro, kumene ndinabatizidwa. Tchalitchi cha St Luke chimene chili kumeneko ndicho chachikulu cha dayosizi ya Anglican ya kum'mawa kwa Zambia, ngakhale kuti chili m'tchire, kumene nthawi ya dzinja mtsinje wa Lupande ukasefukira galimoto imavutika kufika. Amene anayambitsa mishoni imeneyo sanali mzungu. Anali Leonard Kamungu, wobadwira ku Chia pafupi ndi Nkhotakota, amene anaphunzira ku Zanzibar n'kudzozedwa unsembe mu 1909. Bishopu John Hine atafuna munthu wokatsegula ntchito pakati pa Akunda, Kamungu anasiya nyanja ya kwawo n'kutsikira m'chigwa chotentha cha Luangwa. Sanakwanitse zaka zitatu. Anayenda wapansi mudzi ndi mudzi, anatsegula masukulu, anabatiza anthu oyamba, ndipo mu 1913 anamwalira komweko. Mbiri imene inatsala pakati pa anthu ndi yoti anamuthirira mankhwala m'chakudya. Lero ku Zomba kuli koleji ya zaubusa yotchedwa dzina lake. Agogo anga, amene anamva za iye kwa makolo awo, ankamutchula ngati wachibale, ndipo sindinawamvepo akunena kuti anali mlendo.

N'chifukwa chake malamulo a 1996 amandipweteka ndikawakumbukira. Malamulo omwewo amene anatitcha dziko lachikhristu ananenanso kuti wofuna upulezidenti akhale woti makolo ake onse awiri ndi a mu Zambia. Aliyense ankadziwa amene akutsekeredwa khomo: a Kenneth Kaunda, amene bambo awo, David Kaunda, anachokera ku Nyasaland atatumidwa ndi mishoni ya Livingstonia kukalalikira ndi kuphunzitsa ku Chinsali. Mu 1999 khoti lalikulu ku Ndola linafika pogamula kuti munthu amene analamulira dziko zaka 27 alibe dziko. Mwana wa mlaliki amene anabweretsa uthenga anayesedwa wobwera ndi boma lomwe linkanyadira uthengawo. Ife a kum'mawa tinamva kuwawa kwake mwapadera, chifukwa ndi mabanja ochepa kwathu amene alibe agogo kapena atsibweni tsidya lina la malire, ku Mchinji, ku Kasungu kapena ku Tete. Achewa a maiko atatu amasonkhana ku Mkaika kwa Kalonga Gawa Undi pa mwambo wa Kulamba, osayang'anana mapasipoti.

Boma la Mambwe ndi laling'ono, koma muli mitundu. Eni nthaka ndife Akunda, pansi pa mafumu asanu ndi imodzi: Nsefu amene ndi wamkulu, Jumbe, Mnkhanya, Kakumbi, Malama ndi Msoro. Pakati pathu pali Achewa, Angoni ndi Ansenga amene anatsika kumtunda kudzalima thonje, Abiza ochokera tsidya la mtsinje, ndi anthu a zigawo zonse amene anabwera kudzagwira ntchito m'malo ogona alendo ku Mfuwe. Boma limazindikira zilankhulo zisanu ndi ziwiri zophunzitsira ndi zoulutsira mawu, ndipo Chikunda sichili m'gulumo. Kunyumba tinkalankhula Chikunda, kusukulu tinkaphunzira m'Chinyanja, mayeso akulu tinkalemba m'Chingerezi. Chinyanja ndimachikonda, ndicho ndikulembera panopa, koma ndimadziwa mmene zimakhalira kukhala kamtundu kakang'ono m'dziko limene limati ndife amodzi. Munthu amene wakula chonchi amatchera khutu akamva anthu ochuluka akulengeza m'malo mwa onse kuti dziko ndi lotani.

Chimene ndimasowa kwambiri kuno ndi maliro a kwathu, ngakhale mawuwo angadabwitse wina. Uthenga ukamveka, makasu amasiyidwa m'munda. Amuna amagona panja pa moto, akazi m'nyumba ya siwa. Amayi a Mothers' Union amabwera atavala zoyera ndi zabuluu, amayi a Chigwirizano a mpingo wa Reformed amabwera ndi nyimbo zawo, Akatolika a ku Chikowa ndi zawo, a Seventh Day, a New Apostolic, makwaya n'kumalandirana usiku wonse mpaka tambala kulira. Mnansi wa Mboni za Yehova saimba nawo, koma thumba la ufa amabwera nalo ndipo kumanda amagwira fosholo. Msilamu wa kagolosale pamsewu amatumiza shuga ndi mchere. Pakapezeka Mbemba, mphunzitsi kapena msilikali wa nyama, ndiye amatenga udindo wa chimbuya, kupaka ofedwa ufa kumaso, kuwaseka mpaka wamasiye amwetulire pakati pa misozi, n'kusonkhanitsa ndalama zothandizira. Mwini mudzi amalankhula, atsibweni a womwalirayo amalankhula za mbumba, abusa amalalikira, aliyense pa nthawi yake. Palibe amene anakhala pansi n'kulemba dongosolo limeneli. Kuno ndaona nkhalamba imene ndinaisambitsa ndi kuidyetsa miyezi yambiri ikuperekezedwa ndi anthu okwana pa benchi limodzi, mwambo wonse n'kutha mu theka la ola, ndipo usiku umenewo ndinalephera kugona.

Sindikunena kuti Chikhristu ndi miyambo yathu zinagwirizana mosavuta. Amishoni a Dutch Reformed, amene anayambira ku Magwero mu 1899 ndipo ntchito yawo inafika mpaka ku Kamoto kumene kuli chipatala chimene ambiri a ife tinabadwiramo kapena kugonekedwamo, analetsa chinamwali, koma ataona kuti atsikana sangakule opanda malangizo anakhazikitsa chilangizo cha mumpingo, amayi achikhristu n'kukhala alangizi. Mwambo wa Malaila, umene akuluakulu amati unkachitika mkango wovutitsa anthu ukaphedwa kapena ankhondo akabwerako atapambana, mpaka lero umagawa maganizo. Alipo alaliki amene amauza anthu awo kuti kupita kumeneko ndi kupembedza mizimu. Amayi anga amapita. Amavina, amaona mafumu onse atakhala pamodzi, amamva mbiri ya ulendo wa makolo athu, Lamlungu n'kukalandira mgonero ndi mtima woyera. Ndinawafunsa tsiku lina pa foni ngati saona chovuta. Anati: "Mwanawe, kulemekeza amene anakubereka n'kulakwa? Mulungu ndi mmodzi, koma sanatigwetse kuchokera mumtengo." Mayankho otere anapsa pang'onopang'ono, m'zaka zoposa 100 za kukangana ndi kumvana pansi pa mitengo ya m'midzi, ndipo ndimaopa chilichonse chochokera ku Lusaka chimene chingapatse mbali imodzi mphamvu ya boma pa mkangano umenewu.

Mantha amenewa ali ndi pochokera. Mu 1964, miyezi yochepa ufulu usanafike, asilikali analimbana ndi mpingo wa Lumpa wa Alice Lenshina ku Chinsali, ku Lundazi ndi kumtunda kwa chigwa chathu chomwechi, ndipo anthu oposa 700 anafa. Ana a Mboni za Yehova anachotsedwa m'masukulu m'zaka zotsatira chifukwa chokana kuimba nyimbo ya fuko ndi kuchitira sawatcha mbendera. Komanso ndi dziko lomweli limene mu 1972 linaona Mboni zikwizikwi zothawa nkhanza ku Malawi zikufika ku Sinda Misale. Onsewa anali anthu otchula dzina la Yesu. Boma likayamba kusankha kuti wopemphera bwino ndi uti, oyamba kuvutika nthawi zambiri amakhala Akhristu anzathu a mipingo yosakondedwa, Asilamu ndi Ahindu a ku Chipata asanafikiridwe n'komwe.

Kukhala kuno kwandionetsa mbali ina. England ndi dziko limene mpingo wake uli m'malamulo enieni: mfumu ndiyo mutu wa Church of England, ndipo mabishopu ali ndi mipando 26 m'nyumba ya House of Lords. Koma pa kalembera wa 2021, anthu a ku England ndi Wales amene anadzitcha Akhristu anali 46 pa 100 alionse, pamene kwathu amaposa 95. Tchalitchi chimene ndimapita ndi chamiyala, chakale zaka mazanamazana, ndipo Lamlungu timakhala ochepa, ambiri a imvi. Dayosizi ya kuno ya Bath and Wells ili pa ubale ndi mpingo wa ku Zambia kuyambira 1978, choncho nthawi zina dzina la dziko langa limatchulidwa m'mapemphero. Tsiku loyamba kulimva ndinagwira benchi mwamphamvu kuti ndisalire mokweza. Lamulo silinadzaze matchalitchi a kuno, ndipo si lamulo limene limadzutsa amayi a ku Msoro m'mamawa kuyenda mtunda wautali ndi mwana kumsana kuti akapeze mapemphero.

Abusa a ku Kitwe aja ali ndi mfundo imene sindiikana. Mpingo wathandizadi kusunga mtendere wa Zambia. Mu Julayi 1991, zinthu zitafika povuta, a Kaunda ndi a Chiluba anakumanitsidwa ndi atsogoleri a mipingo mu Cathedral of the Holy Cross ku Lusaka, ndipo njira ya chisankho inatseguka. Mu 2001 mabungwe atatu akulu a mipingo anagwirizana ndi maloya ndi mabungwe a amayi mu Oasis Forum n'kukaniza a Chiluba kuimanso kachitatu. Koma pa nthawi zonse ziwirizi mpingo unali utaima pawokha, wotha kuuza mtsogoleri kuti ayi. Zimene ndinkaona kwathu ku Malambo chisankho chikayandikira n'zosiyana. Galimoto zimene sitinaziwone zaka zinayi zimafika pa tchalitchi, mlendo amapatsidwa mpando wakutsogolo, amalonjeza malata ndi simenti, amapereka envulopu, kwaya n'kumuimbira. Mavoti akawerengedwa timatsala ndi mavuto athu akale: njovu yathyola nkhokwe ya mayi wamasiye usiku umodzi n'kumaliza chakudya cha chaka chonse, ng'ona yagwira mwana potunga madzi, mlatho wakokoloka, pamene ndege zikutera ku Mfuwe ndi alendo odzaona nyama zomwezo. M'busa amene walandira envulopu amavutika kutsegula pakamwa pa zinthu zotere, ndipo wamasiye uja amataya womulankhulira amene anali naye pafupi.

Malamulo a 2016 anasunga mawu oti ndife dziko lachikhristu, koma ananenanso kuti munthu aliyense ali ndi ufulu wa chikumbumtima ndi chipembedzo, ndiponso kuti Zambia ndi dziko la mitundu yambiri, zikhalidwe zambiri ndi zipembedzo zambiri. Bill 10, yomwe inali yosintha malamulowo, inkafuna, mwa zina, kufufuta mawu a zipembedzo zambiriwo n'kuikapo achikhristu, ndipo itagwa m'Nyumba ya Malamulo mu Okutobala 2020 ine ndinapuma. Ndine Mkhristu, ndipo ndikufuna ana anga akhale Akhristu. Koma ndikufunanso kuti Msilamu wa kagolosale uja, amene anatikongoza mchere bambo atadwala, asamve kuti m'dziko lobadwira akukhala mongololedwa.

Mwana wanga wamkazi akukulira kuno. Chikunda amamva pang'ono, kuyankha amayankha m'Chingerezi, ndipo kusukulu akamufunsa za kwawo amatchula Victoria Falls, kumene sanafikeko. Ndayamba kusunga ndalama za tikiti kuti tchuthi chathu chidzagwere pa nthawi ya Malaila. Tidzakwera basi ya ku Chipata, kenako n'kutsika phiri kulowera ku Jumbe, ndipo agogo ake akuti adzamutenga okha kupita naye ku mwambo, Lamlungu lake n'kukamuonetsa kwa amayi anzawo a Mothers' Union ku Msoro.