Chipinda cha Amayi pa pulani ya nyumba



Ramadhani ino yatipeza ine ndi akazi anga tikukambirana za pepala limodzi usiku uliwonse tikachoka ku Tarawehe. Pepalalo ndi pulani ya nyumba imene tikufuna kumanga pa poloti yathu ku Chigumula, ya mamita 20 m'lifupi ndi 30 m'litali. Takhala zaka 11 pa lendi ku Bangwe, m'nyumba ya zipinda ziwiri zogona, ife, ana awiri, ndipo tsopano ndi Amayi ondibereka. Ndalemba izi chifukwa ndinatsala pang'ono kuthira simenti pa cholakwa chimene ndikananong'oneza nacho bondo moyo wanga wonse.

Pulani yoyamba inachokera ku Johannesburg. Alamu anga anaitumiza pa WhatsApp, ndipo inanditenga mtima: pabalaza, podyera ndi khitchini zonse pamodzi popanda khoma, chipinda chathu chachikulu chokhala ndi bafa lakelake. Akazi anga anangoyang'ana kamodzi n'kufunsa kuti, "Bambo, pa Eid anzanu akadzadzaza pabalaza, ine ndizidzavundula nsima pamaso pawo? Nanga magetsi akazima, mbaula ndidzayatsira pa matailosi?" Ndinalibe yankho. Khoma linabwerera pakati pa khitchini ndi pabalaza. Khitchini tinaipatsa chitseko chotulukira kukhonde lakuseri, kumene kudzakhale mbaula ndi mpopi, ndiponso kumene alendo achizimayi angadzayale mkeka n'kumacheza momasuka.

Kenako inabwera nkhani ya Qibla. Kwa ife a ku Blantyre kuno Qibla ili kumpoto, kupendekera pang'ono chakum'mawa ndi madigiri pafupifupi 7. Titaima pa poloti ndi kampasi ya pa foni tinaona kuti chimbudzi cha pa pulani ija munthu akakhalapo ayang'ana ndendende kumpoto. Ndinafunsa a Shehe a pamzikiti wathu. Iwo anati ma ulama amasiyana maganizo ngati chimbudzi chili mkati mwa makoma, koma poti chinthu chikadali papepala, kuchitembenuza sikudya ndalama. Tinachiyang'anitsa kum'mawa. Khoma lakumpoto la pabalaza tinalisiya lopanda chitseko kuti wina asamadutse kutsogolo kwa anthu oswali. Ndi lalitali mamita 4, ndipo poti munthu mmodzi pa mzere amatenga masentimita ngati 60, anthu 6 akwanapo. Pambali pa khomo lolowera tinaikapo mpopi wa wudhu ndi kampando ka simenti.

Mnyamata wathu ali ndi zaka 9, mtsikana 7, ndipo panopa chowalekanitsa ndi nsalu yopachika pa chingwe. Chiphunzitso cha Mtumiki (madalitso ndi mtendere zikhale pa iye) choti ana asiyanitsidwe pogona akafika zaka 10 chatiyandikira, choncho aliyense tinamulembera chipinda chake. Surat An-Nur imatchula nthawi zitatu zimene ana ayenera kuodira asanalowe kwa makolo: Fajr isanakwane, masana popuma, ndi Isha ikatha. Kuodira kumafuna chitseko, ndipo ku Bangwe kuno chipinda chathu chilibe.

Zonsezi ndinkazichita ndi chimwemwe, mwinanso ndi kunyada, kuti ndikumanga nyumba yolemekeza dini. Koma chipinda cha Amayi ndinachiika kunja, kuseri kwa nyumba, ngati boyizikota.

Amayi anabwera kwathu mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atagwetsa nyumba yawo ku Chiradzulu. Pa mwambo wa kwathu akanakhala kwa mlongo wanga, koma iye ali ku Joni ndi banja lake. Kuyambira pamenepo amagona pabalaza, ndipo sanadandaulepo. Mawondo akuwavuta, amaswali atakhala pampando. Anthu ndinkawauza kuti chipinda chakunjacho n'chofuna kuti Amayi azikhala mwamtendere, kutali ndi phokoso la ana. Mwezi uno si wonamizana. Mumtima ndinali nditawerengera kale kuti chipindacho tsiku lina chidzakhala cha lendi.

Amayi sadziwa kuwerenga pulani. Choncho Lamlungu lachiwiri la Ramadhani tinawatengera ku poloti, mmisiri anakhoma zikhomo, anakoka chingwe, n'kuwaza phulusa motsata makoma onse. Amayi anayenda pang'onopang'ono ndi ndodo yawo, osalumpha mzere ngakhale umodzi, kulowa ndi kutulukira pamene pali khomo basi. Atazungulira anafunsa kuti, "Changa chili kuti?" Ndinawalozera. Anapita, ndipo ndinawerenga mapazi awo: 14 kuchokera pakhomo lakuseri. Anaima mkati mwa phulusalo kanthawi, kenako anati, "Mwananga, n'chabwino ndithu. Koma nthawi ya daku kukugwa mvula, adzabwera kudzandidzutsa ndani? Ndikadzagwa usiku, adzamva ndani?"

Manyazi anandigwira. Mwachangu ndinati, "Amayi, basi mutenge ichi cha kumapeto kwa kolido, mnyamatayu adzagona kunjako." Anabwerera, analowa mu kolidoyo, yopapatiza masentimita 90 ndiponso yokhota pafupi ndi bafa. Atafika pokhotapo anaima, anatambasula ndodo yawo chopingasa, n'kunena mosakweza mawu: "Tsiku langa likadzafika, azimayi adzandisambitsira kuti? Nanga jeneza mudzakhota nalo bwanji pano?"

Palibe anayankha. Mmisiri anayang'ana pansi. Ine ndinali nditayeza malo a firiji, a sofa, ngakhale a galimoto imene ndilibe, koma sindinaganizepo kuti m'nyumba munthu amadwaliramo, amakalambiramo, ndipo tsiku lina amatulutsidwamo atanyamulidwa. Jeneza ndi lalitali pafupifupi mamita 2. Pa kolido yanga ija silikanadutsa.

Usiku umenewo titafutulu, amene anayamba kulankhula ndi akazi anga, osati ine. Anatenga pensulo n'kuloza chipinda chathu chachikulu, cha pangodya yakum'mawa. "Ichi n'cha Amayi," anatero. "Bafa lamkati akulifuna ndi iwo. Ife miyendo ikadalipo." Ndinawakumbutsa kuti bafa limenelo ndi limene iwo ankalilakalaka zaka zonse zotunga madzi pampopi wa anthu ambiri. Anati akudziwa.

Pulani imene tili nayo tsopano ili motere. Chipinda cha Amayi chili kum'mawa, kumene dzuwa lam'mawa lidzawothe mawondo awo, kutali ndi kutentha kwa dzuwa lamadzulo la mu Okutobala. Chitseko chake ndi cha masentimita 90 kuti njinga ya olumala idzathe kulowa ngati idzafunike, ndipo palibe sitepe kuchokera pabedi mpaka kubafa. M'bafamo muli chimbudzi chokhalira, chitsulo chogwirira kukhoma, ndi mpopi wotsika kuti azichita wudhu atakhala. Malo ake ndi okwana munthu kugonekedwa ndi anthu atatu kuimirira. Kolido tinaiwongola n'kuikuza kufika mita imodzi ndi masentimita 20, ndipo chipindacho chili ndi khomo lachiwiri lotulukira pakhonde. Chipinda chathu chachepa, chili mamita 3 mbali zonse, koma chagundana khoma ndi cha Amayi. Akagogoda ndi ndodo tidzamva. Boyizikota tinaifufuta, ndalama ya lendi ija yapita nayo limodzi, ndipo matailosi adikira chaka china.

Sindikunena kuti aliyense amange ngati ife. Mapoloti amasiyana, matumba amasiyana. Koma inu amene muli ndi pulani m'manja, musanaipereke ku khonsolo kapena kukumba fondeshoni, iwazeni pansi ndi phulusa, ndipo muitane onse amene adzakhalemo ayendemo: mayi wophika, mwana amene akukula, ndi wokalamba amene sangakuuzeni yekha kuti mwamuika kutali. Phulusa limasesedwa ndi tsache. Khoma limafuna hamala ndi ndalama.

Lamlungu lapitali tinabwereranso ku Chigumula ndi phulusa latsopano. Nthawi ya Asr itakwana, Amayi anauza mdzukulu wawo kuti awabweretsere mpando. Anauika pakati pa chipinda chawo, anayang'ana kumpoto, naswali pamenepo, udzu uli m'mapazi. Ife tinayala mkeka pabalaza.

M'masiku khumi otsirizawa mutikumbukire m'maduwa anu, kuti Allah atipatse mphamvu zomalizira nyumbayi Amayi akadali moyo, adzagonemo. Nanunso Allah akulandireni swaumu yanu, ndipo adalitse makomo anu. Ameen.