Ku Le Mans amapatsana chiwongolero, ife timapirira tokha

Abale anga a ku Mwanza, makamaka inu achimwene a mathiraki, mufunefune filimu yakale yotchedwa Le Mans. Inatuluka mu 1971 ndipo mwini filimu ndi Steve McQueen. Mu vidiyo shoo ya pa boma anyamata angaitanitse ndalama zawo, chifukwa mulibe nkhonya ndipo zolankhula n'zochepa moti womasulira angasowe pogwira. N'kulira kwa injini basi, Porsche 917 ndi Ferrari 512 kuthamangitsana usana ndi usiku, mvula ili pamsana. Zina anajambula pa mpikisano weniweni wa mu 1970 ku France, mpaka galimoto ina inalowa nawo itasenza makamera.

Mpikisanowu unayamba mu 1923. Amathamanga maola 24, ndipo wopambana ndi amene wayenda mtunda wautali kuposa onse. Koma chimene chinandigwira mtima ine, amene ndimadyera chiwongolero kuno ku England, si liwirolo ayi. Galimoto ikalowa kukathira mafuta, dalaivala amatsika, mnzake n'kukwera, iye n'kukapuma. Palibe womuseka kuti ndi wofooka. Mu 1952 Pierre Levegh anayesa kupirira yekha osapatsa mnzake. Anatsogola ndithu, koma injini inafa mpikisano uli pafupi kutha, ndipo ambiri amati kutopa ndiko kunamulakwitsa giya. Masiku ano galimoto imodzi imakhala ndi madalaivala atatu, ndipo palibe wololedwa kuyendetsa maola oposa 4 mwa maola 6 alionse, kapena oposa 14 mpikisano wonse.

Kuno lamulo la mathiraki limayenda chimodzimodzi. M'galimoto muli kachipangizo kotchedwa tachograph, umalowetsamo khadi lako ndipo kamalemba zonse. Ukayendetsa maola anayi ndi theka uyenera kupuma mphindi 45. Pa tsiku ndi maola 9, kawiri pa sabata amalola 10, ndipo sabata yonse usapyole 56. Ukaphwanya, mlandu sugwera iwe wekha, bwana nayenso amayankha. Apa ndiye pagona nkhani.

Kwathu timatama amene sagona. Munthu anyamuka ku Blantyre, akhota pa Zalewa kulowa M6, afika pa chipata cha Mwanza, adinditsa pa Zobue, awoloka Zambezi ku Tete kotentha kuja, alowa Zimbabwe pa Nyamapanda, Harare, Beitbridge, mpaka ku Joni, ali yekha, maso ali psu! Tikamuona timati uyu ndiye dolo.

Sindikunyoza madalaivala anzanga, ndikudziwa chimene chimawathamangitsa. Nthawi imathera pa mzere wa pa bodala kudikira mapepala, ndipo kudikirako si kupuma: ukagona tulo tofa nato anzako akudumpha. Akakumasula, foni ya bwana yayamba kale kulira, katundu akumufuna dzulo. Ngati malipiro ako amawerengera maulendo, ola lililonse logona ukudzibera wekha. Ndiponso uima pati? Kuno malo oimikapo mathiraki ali m'misewu ikuluikulu, ngakhale kuti nawonso amadzaza msanga ndipo akuba mafuta aliponso. Koma kwathu pakati pa tchire usiku, munthu amaona bwino kulimbana ndi tulo kusiyana n'kudzuka tenti itang'ambidwa.

Choncho tachograph payokha singatipulumutse. Ikhoza kungosanduka chodyera cha ena pa rodibuloko. Chofunika ndi chija cha mu filimu, munthu wachiwiri wolandira chiwongolero, ndi lamulo lofika mpaka kwa mwini galimoto. Mabasi ambiri a ku Joni amayenda ndi madalaivala awiri, ndiye si zachilendo kwa ife. Inu amene muli pa msewuwu panopa, ndiuzeni: mabwana anu amati chiyani mukawapempha mnzanu wosinthana naye, ndipo ndalama ya ulendo mungavomere kugawana?