Mpando wa Atate: Pulani ya ku Amereka, Matabwa a Mlombwa

Mipando yambiri imene timagula m'misika yathu ndi yongokhoma: matabwa oongoka, misomali, ndi vanishi wowala pamwamba. Koma ulipo mtundu wina umene amisiri amaucha mpando wosema, cifukwa ukatha munthu sangaloze pamene mwendo wathera ndi pamene pokhalira payambira. Ziwalo zace zonse zimaoneka ngati zinamera pamodzi, monga nthambi pa thunthu. Mpando wotere ndi umene ine pamodzi ndi mmisiri wina wacikulire wa ku Katete tinapangira atate anga, ndipo ndifuna kukufotokozerani, inu owerenga, zimene tinatsata pa pulani yace ndi zimene tinakana kutsata.

Mwini luso limeneli anali Sam Maloof, amene anabadwa mu 1916 ku California m'dziko la Amereka, kwa makolo ocokera ku Lebanon, ndipo anamwalira mu 2009. Iye sanapite ku sukulu ya ukalipentala, anadziphunzitsa yekha. Mipando yace yogwedezeka inachuka kwambiri kotero kuti atsogoleri a dzikolo, Jimmy Carter ndi Ronald Reagan, anali nayo. Lero amisiri ena a kumeneko amajambula mapulani otsanzira kapangidwe kace ndi kumagulitsa pa intaneti. Ine ndinagula pulani ya mpando wa miyendo inai, wosagwedezeka, wokhala ndi moika manja ndi cotsamira cacifupi.

Sindinaugulire kukongola ai. Atate akhala pa mpando wa ndalema zaka zambiri, koma maondo ao anauma, ndipo ndalema ndi mpando umene umameza munthu. Kuti adzuke panafunika mdzukulu wowakoka dzanja. Munthu amene kale anali kuweruza nkhani za pabanja pathu anayamba kupewa kukhala pakhonde alendo akabwera, poopa kudzutsidwa ngati mwana anthu akuona. Sananene cimeneci ndi pakamwa, koma amai anandinong'oneza.

Coyamba cimene pulani inalamula ndi matabwa a mtengo wa walnut, okhuthala mainchesi awiri. Mtengowo kuno kulibe, ndipo sitinaudandaule, pakuti tiri ndi mlombwa, uja umene umakha madzi ofiira ngati magazi ukatemedwa. Kulemera kwace n'kofanana ndi kwa walnut, umasemeka bwino, ndipo ukauma supindika kapena kufota kweni-kweni nyengo ikasintha. Amisiri anasankha matabwa okha, kwa wogulitsa wa cilolezo ca boma, ndipo anakana onse amene anali ndi mbali yoyera yambiri. Mbali yoyerayo ndi imene imafumbwa, pamene mtima wofiirira ngakhale ciswe cimaulemekeza. Ngakhale wogulitsa analumbira kuti matabwawo ndi ouma, amisiri anawasanja pamthunzi, timitengo pakati, kuyambira mwezi wa Meyi mpaka Okutobala. Ine mtima unali m'mwamba, koma iwo anangoti: "Mwana wanga, thabwa laliwisi limabvomera lero, n'kudzakana m'dzinja."

Pulani yotere imabwera ndi zithunzi za ciwalo ciri conse pa msinkhu wace weni-weni, zoti munthu amate pa katoni ndi kudula. Pano pali msampha umene ndiyenera kuchula. Pepala la ku Amereka ndi lotambalala pang'ono ndi lalifupi poyerekeza ndi la A4 limene timagwiritsa nchito kuno, ndipo makina osindikizira amakonda kucepetsa cithunzi kuti cikwane. Tsono musanadule kanthu, ikani rula pa muyeso umene walembedwa papepalapo. Ngati palembedwa inchi imodzi, rula ionetse mamilimita 25.4.

Koma nkhani yaikuru inali thupi la atate. Pulani inajambulidwa ndi munthu amene sanawaonepo, ndipo inaika pokhalira pa mainchesi 18, ndiko kuti pafupi-fupi masentimita 46 kucokera pansi. Atate ndi afupi. Tinawakhazika pa benci, mapazi atapondetsa pansi, ndi kuyesa kucokera pa cidendene kufika kuseri kwa bondo, ndipo muyesowo unafuna mpando wotsikirapo ndi masentimita anai kapena asanu. Apa ndi pamene ine ndi amisiri tinatsutsana. Ine ndinati titsate muyeso, cifukwa miyendo yolendewera imacita dzanzi. Iwo anati mpando wotsika ndi ndalema wina, ndipo bvuto la atate si kukhala koma kudzuka. Tinamvana pakati. Tinacotsako masentimita awiri okha, ndipo tinacepetsa kupendekera kumbuyo kwa pokhalira, pakuti kupendekera kumeneko, kokoma kwa mnyamata, ndi kumene kumagwira nkhalamba m'ciuno.

Wina angaganize kuti pofuna mpando wocepa ungocepetsa pulani yonse mofanana. Kutero n'kulakwa, cifukwa miyendo ndi polumikiza pomwe zimaonda pamodzi, pamene kulemera kwa munthu sikunasinthe. Ife utali tinaudula kunsi kwa miyendo basi. Pokhalira tinafupikitsa ndi masentimita anai kucokera kutsogolo kumka kumbuyo, kuti msana ufike pa cotsamira ndi kusiya mpata wa zala zitatu kuseri kwa bondo. Koma onani, kusintha kumodzi kumaitana kunzace. Mwendo wa kutsogolo unayandikira wa kumbuyo, tsono moika manja, mmene mumalumikiza iwiriyo, munayenera kujambulidwa mwatsopano. Pojambulapo tinakulitsa nsonga yace kuti ikhale yodzaza cikhatho, popeza pamenepo ndi pamene atate amatsindika akafuna kuimirira.

Ciripo cimodzi cimene sitinacikhudze, ndico kalumikizidwe ka mwendo ndi pokhalira. Mpando uwu ulibe timitanda tomanga miyendo kunsi monga mipando ina, motero mphamvu yace yonse iri pamenepo. M'mphepete mwa pokhalira amadulamo mpata wolowa mwendo, ndipo m'mbali mwa mpatawo amasengako pamwamba ndi pansi kuti patsale lilime pakati. Pa mwendo amakumba ngalande mbali zitatu, ndipo lilime lija limalowa m'ngalandemo. Akatero amapaka guluu, kumanga ndi masikuluu, ndi kutseka mabowo ndi timitengo. Mwendo wolumikizidwa cotero umanyamula pokhalira ngati phewa, ndipo sikuluu nchito yace ndi kungoletsa kuti usatuluke. Ku Amereka amadula zimenezi ndi makina ochedwa router, amene amasiya ngodya zozungulira. Amisiri athu alibe makinawo, ndipo anadula ndi sowo ndi cizulo, ngodya n'kukhala zosongoka. Anatha masiku atatu pa miyendo inai, akuyesa ndi kupala, kufikira mwendo uli wonse unalowa ndi kumenya kwa cikhatho, osati kwa nyundo.

Mwendo wa kumbuyo, umene ndi wokhota ndipo umakwera kukagwira cotsamira, anaudula potsata mitsempha ya thabwa ngakhale kuti kutero kunataya matabwa ambiri. Ndinaona zidutswa zogwa pansi ndi kukumbuka ndalama zanga, koma mwendo wodulidwa mopingasa mitsempha umathyoka tsiku limene munthu watsamira mwamphamvu.

Pa kusema ndi pamene ndinaona kuti luso la Maloof si lacilendo kwa ife monga ndinali kuganizira. Pokhalira ndi matabwa asanu omatidwa m'mbali, ndipo timitengo towagwirizanitsa timaikidwa ca kunsi kuti posema tisaonekere. Pulani imasonyeza malo oboola timabowo ta kuya kosiyana-siyana, ndipo wosema amakumba kufikira timabowo titafafanizika. Kumeneko amakumba ndi makina a magetsi. Amisiri athu anatenga kasemasema, yemwe uja wosemera mitondo ndi ng'oma, ndipo pofika madzulo dzenje linali litaoneka. Sanakumbe mozama monga pulani inanenera, pa cifukwa comwe cija ca kudzuka. Atalumikiza zonse, anatsala ndi tupa ndi sandipepala, kusalaza pokumana ziwalo mpaka mzere wa mwendo unalowa m'pokhalira popanda copunthwitsa cala. Nchito ya sandipepala inagwera ine, masabata awiri, ndipo ndi yotopetsa koposa zonse. Amisiri sanali kuyang'ana ndi maso poweruza nchito yanga. Anali kutsinzina ndi kuyendetsa cikhatho.

Maloof sanali kukuta mipando yace ndi vanishi wokhuthala. Anali kutikita mafuta osakaniza, ndi kumalizira ndi ena okhala ndi phula la njuci. Ife tinagwiritsa nchito mafuta a linisidi ophika ndi phula locokera kwa mlimi wa njuci wa m'mudzi mwathu. Cenjezo kwa amene angayese: nsanza zonyowa ndi mafuta amenewa zikaunjikidwa pamodzi zimatentha ndipo zingathe kuyaka zokha, tsono muziziyanika panja imodzi-imodzi.

Atate anaulandira mpandowo monga amalandirira zinthu zonse, mosaonetsa mano. Anakhala, anagwira nsonga za moika manja, anaimirira okha, ndi kukhalanso. Kenaka anafunsa kuti unadya ndalama zingati, ndipo ndinawauza theka lace. Tsopano umakhala pakhonde usana ndi kulowetsedwa m'nyumba usiku. Anthu awiri a m'mudzimo afunsa kale mtengo wace kwa amisiri, ndipo atamva anabwerera osayankha, pakuti pa masabata asanu ndi limodzi amene anatha pa mpando umodzi, amisiriwo akanakhoma mipando wamba yodzaza ngolo. Makatoni a pulani anawapacika pa msomali m'shopu mwao, ali ndi mizere iwiri, wakuda wa ku Amereka ndi wofiira wa atate.